Msuweni ndi pikiapu yake yonjenjemera

Uthenga wa pa gulu la banja: "Abale, alayimenti ingathetse kunjenjemera kwa galimoto? Chiikireni malimu atsopano achitsulo, pikiapu ikumanjenjemera ndikafika pa 100. Ndikungofunsa."

Yankho, uthenga wa mawu:

Halo... yayamba kujambula? Eya, yayamba. Msuweni, ndauona uthenga wako. Kulemba sindingathe, m'manja muli girisi... ayi ndanama, ndi ulesi chabe. Ungomvera.

Akuti "ndikungofunsa." Iweyo? Unayamba liti kungofunsa? Munthu amene unagwetsa geti lija n'kunena kuti linali lotopa kale. Ine ndikudziwa chimene chikukudya. Ukufuna kudziwa ngati anakupusitsa amene anakugulitsa malimuwo, komanso ngati ungawanyamule azakhali Loweruka paulendo uja popanda kumva mawu njira yonse. Ndiye wathawira pagulu kuti ndisakuseke kumbali. Chabwino, ndikusekera pagulu pomwepa.

Alayimenti isiye kaye. Imeneyo timapanga galimoto ikamakokera mbali imodzi, kapena tayala likamadyeka m'mphepete, kapena chiwongolero chikapendekeka uli panjira yowongoka. Koma kunjenjemera kumene kumadikira ufike pa 90, pa 100, ukatsika n'kuleka, pamenepo pali chinthu chozungulira chimene sichikuzungulira bwino. Tayala ngati la Hilux yako ija, pa 100 limazungulira ka 11 pa sekondi imodzi. Ka 11! Ndiye likasuntha pang'ono chabe, ngakhale milimita imodzi, thupi lonse limamva.

Koma dikira. Ukuwakumbukira amalume ako? Ine ndimati bambo aang'ono, koma pa nkhani imeneyi ndi amalume ako, ndakusiyira. Pikiapu yoyera ija... ayi, yoyera inali yachiwiri, ija anaisinthanitsa itachitika nkhani ya wailesi. Ndikunena yoyamba, yobiriwira, ya chitseko chomangira chingwe. Iwe unali wamng'ono, mwina ukungokumbukira kuti unasanzamo.

Tsiku lina anachotsa matayala onse anayi okha, akuti akufuna kupenta malimu. Anapenta bwinobwino, kunja, m'kati, ngakhale kumbuyo kumene limu imagundana ndi habu, chitsulo chija chimene tayala limamangidwapo, penti yochindikala ngati akumata khoma. Atabwezera, galimoto inayamba kuvina. Akangodutsa 80, galasi loonera kumbuyo silionekanso kanthu, mano akugundana. Ine ndinali kumbuyo ndi achimwene, timangoyang'anana.

Ndiye anayamba. Choyamba mashoko, onse anayi. Palibe chinasintha. Kenako anati ndi tie rod, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala. Anasintha. Kenako propshaft, chitsulo chachitali chija cha pansi pa galimoto chozungulitsa matayala akumbuyo, anaichotsa n'kuinyamula paphewa kupita nayo kwa makaniko, makaniko anaiyang'ana nati ilibe vuto, iwo anati makanikoyo ndi wansanje. Kenako mlandu unagwera alamu awo amene anaibwereka kamodzi, kamodzi kokha, ndipo ukudziwa kuti anthu awiriwa sanayankhulane mpaka tsiku lija la chithunzi chimene aliyense akuyang'ana kwina.

Atatopa, mukudziwa anatani? Anangoleka kudutsa 80. Basi. Zaka ziwiri. Ndiye amatiuza ife kuti galimoto yawo ndi yamwambo, siilola kuthamanga, imawachenjeza yokha. Amanena monyadira! Mathiraki akutipitirira, iwo ali phee, dzanja limodzi pawindo, akuti "asiyeni, tikawapeza." Sitinawapezepo ngakhale kamodzi.

Chinaulula ndi tayala lophulika. Anaima, kunabwera mnyamata wina wokonza matayala, kamwana ndithu, ndevu zisanamere. Anangogwada, kuyang'ana, n'kufunsa kuti manatiwa anamanga ndani. Bambo aang'ono anati ndine, bwanji. Mnyamatayo anaseka mpaka kukhala pansi. Manati onse anali chogadama... ayi, chozondoka, ndinene choncho. Nati ya limu yachitsulo ili ndi mbali imodzi yosongoka ndi ina yafulati. Yosongokayo ndi imene imalowa m'bowo n'kukokera limu pakati. Iwo anatembenuza, yafulati kulimu, yosongoka kunja, akuti yafulati ndiye imagwira malo aakulu. Nzeru zawo zimenezo. Mabowo a malimu anali atakula ngati dzira, maboti awiri atadyeka pakhosi. Limu ziwiri zinatayidwa. Ndipo mpaka lero ukawafunsa amati mnyamata ujayo ndiye anawononga.

Azakhali, ngati mukumvera, pepani, ndi mchimwene wanu, koma munaliponso.

Ehe. Ndimati chiyani... eya, galimoto yako.

Uyambe wamvetsetsa kumene kunjenjemerako kukuchokera. Kukakhala m'manja, chiwongolero chikugwedezeka, ndi kutsogolo. Kukakhala kumpando, m'chiuno, pansi pa mapazi, kawirikawiri ndi kumbuyo. Kukamabwera pokhapokha ukaponda buleki, amenewo ndi madisiki, malimu alibe mlandu. Kukamakula ukaponda mafuta n'kuchepa ukachotsa phazi, ndiye tiganizire propshaft ya amalume ako ija. Koma iwe wanena wekha kuti zayamba chiikireni malimu. Galimoto imene inali bwino Lachiwiri siingadwale mashoko Lachitatu chifukwa chovala nsapato zatsopano.

Malimu akale uli nawo? Usandiuze kuti unagulitsa kale... ndikudziwa unagulitsa. Akanakhalapo ndikanati bwezera awiri kutsogolo uyendepo, yankho lapezeka. Popeza kulibe, sinthanitsa: akutsogolo apite kumbuyo, akumbuyo abwere kutsogolo. Kunjenjemera kukasamuka kuchoka m'manja kupita kumpando, wadziwa kuti wolakwa ali pa awiri amenewo.

Uyang'anenso m'kati mwa limu ngati mulibe matope ouma, chifukwa chibuma chimodzi chimaposa timitovu tonse timene anamata pobalansa. Ndipo za kubalansa, ndikudziwa unena kuti anabalansa, makina anawerenga ziro. Eya. Koma anaigwira bwanji pamakinapo? Ambiri amalowetsa chosongoka chija pabowo lapakati. Tsono limu zambiri zachitsulo zogula padera, bowo lapakati silikhala ndendende pakati, amangolidinda pachitsulo. Makina akuti ziro, ukaiika pagalimoto ikuzungulira potsata maboti, ziro uja wapita. Uwauze agwiritse mbale ija ya zala imene imagwira limu m'mabowo a maboti. Ikamazungulira pamakina iwe uime pomwepo uyang'ane m'mphepete mwa limu, ngati ikupita uku ndi uku kapena kudumphadumpha. Yatsopano imathanso kubwera yokhota, zimachitika. Ikakhala yokhota ibweze, mtovu sumawongola chitsulo.

Koma... aa, ndazungulira. Chimene ndikuganiza ine n'chakuti, ndinaonera chithunzi chako chija, unaika Lamlungu, utatsamira boneti ngati wagula ndege. Ndinachikulitsa. Sindimayang'ana iwe, ndimayang'ana manati. Msuweni, manati aja ndi akale. Ndi a malimu a aloyi amene anabwera ndi galimoto, aja okhala ndi washala, afulati. Amenewo anapangidwira limu ya aloyi ya Toyota. Limu yachitsulo imafuna nati yosongoka, ya madigiri 60, yolowa m'kabowo kolowa m'kati kaja.

Chifukwa chake n'chiyani? Habu ya Hilux ndi mamilimita 106.1. Limu yochokera kufakitale, bowo lake lapakati limakwana pahabupo gwa, ndiye imakhala pakati yokha usanamange n'komwe. Zogula paderazi amazipanga ndi bowo lalikulu, zina 110, kuti zilowe pa magalimoto ambiri a maboti 6, chifukwa Ford Ranger nayo maboti ake ndi otalikirana chimodzimodzi, 139.7, koma habu yake ndi 93.1. Ndiye limu yako ikulendewera, habu sikuigwira. Chotsala choiika pakati ndi manati okha. Manatiwo akakhala afulati, palibe chimene chikuikokera pakati. Akamanga galimoto ili pansi, ndi chimfuti cha mpweya chija, trrr trrr, nati yoyamba mpaka kumapeto, limu imaumira pamene yagwera. Ndi zimenezo.

Ndiye malimu ako sindikukhulupirira kuti ndi oipa. Sanakhale pakati basi. Sanakupusitse... chabwino, anakupusitsa pang'ono, amayenera kukuuza za manati. Koma ndalama zako sizinapite m'madzi, pumula.

Upeze manati osongoka, mazinga ake M12 ndi 1.5, utenge imodzi yakale poyerekezera mazinga. Ukweze galimoto pa jeke, tayala lichoke pansi. Uchotse limu, upale dzimbiri pahabu ndi burashi yawaya, uonenso kumbuyo kwa limu ngati kulibe penti yodontha youma. Kumbuyo, pa dramu ya buleki, nthawi zina pamaboti pamakhala timawashala topyapyala ta kufakitale togwira dramu, limu yakale inali ndi malo ake, yatsopano imangokhala pamwamba pake n'kupendekeka. Ukatipeza tichotse. Uyang'anenso mabowo a limu, ngati ayamba kale kuoneka ngati dzira undiimbire usanayende. Kenako manati onse 6 uyambe ndi dzanja, pang'onopang'ono, modumphitsa, iyi kenako yoyang'anana nayo, uku ukugwedeza tayala kuti likhazikike. Ukamaliza ndi sipanala mopepuka ndiye utsitse, umalize ndi torque wrench, sipanala ija yoyeza kulimba kwa nati, pa nambala imene ili m'buku la galimoto. M'buku, msuweni. Osati kudumphira pa sipanala ndi thupi lako lonselo, lakula masiku ano, taona. Ukayenda makilomita 50 mpaka 100 ubwerezenso kumanga.

Wina akuuza za timphete toika pahabu todzaza mpata uja. Timathandiza, makamaka pa aloyi. Pa limu yachitsulo nthawi zina tilibe pogwira chifukwa chitsulocho n'chopyapyala. Uyambe manati.

Za Loweruka... ndi manati amenewo azakhali usawanyamule. Sindikuseka tsopano. Nati yosakhala bwino imamasuka yokha, ndipo pa 100 tayala silipempha chilolezo. Ukasintha, n'kuyesa pamsewu, n'kumva kuti yasalala, anyamule, akakutopetse ndi nkhani ya geti.

Wamva eti? Limu ilibe mlandu, yangokhala pambali chifukwa manati si ake. Alayimenti usapite, mashoko usagule.

Ehe, wina akundiitana... ndikubwera! Msuweni, manati. Osongoka, mbali yosongoka kulimu. Ndabwereza dala chifukwa magazi ake ndi omwewo. Ndipo wina asawatumizire bambo aang'ono uthengawu... ah, ali pagulu? Anawalowetsa ndani? Iii. Izi zimafufutidwa bwanji...