Fulashi yamafilimu musalipire musanaone kumapeto

Akulu, mwafunsa za kugula mafulashi odzadza kale mafilimu a pamsika aja oti ana azionera, ine ndikuti musagule ndi maso chabe. Kuonetsa ana mafilimu a maloboti ndi za m'mlengalenga pa TV yakunyumba ndi bwino ndithu koma tamverani zomwe anandichita mnyamata wina wa laputopu mbali ya ku Kapata kuno ku Chipata, dzina sinditchula, ena mwa inu mukumudziwa.

Munali mu Okutobala 2024, nthawi ija madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, malaiti akumapita maola opitirira 17 pa tsiku, ife a ku Mchini tinkangomva kuti anabwera usiku tili mtulo. Ndiye kuti uonere filimu imodzi unkayenera kukonzekera ngati chinkhoswe. Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu, pocheza akuti filimu yomwe saiiwala ndi Terminator 2, ija ya 1991 ya Arnold Schwarzenegger, anaionera kalekale mu kavidiyo ka pamsika nthawi ya matepi koma jenereta inatha mafuta asanaimalize. Ine mkamwini wofuna mbiri ndinati musadandaule bambo, lero muimaliza m'nyumba mwanga.

Mnyamata uja anandionetsa fulashi yolembedwa 64GB, ati orijino abosi, K120 chabe, mafilimu ndikuikirani mpaka idzadze. Ndinati tayesani. Anatsegula pa laputopu, chithunzi choyera bwinobwino, mawu akumveka, mphindi ziwiri zoyambirira zokha, ndinalipira.

Tsiku lonse batire ili pa sola, ndaletsa aliyense kutchaja foni, ngakhale amake mwana ndinawakaniza. Madzulo akazinga nshawa, ana a maneba adzadza pamphasa ena aima pakhomo chifukwa kutentha kwa Okutobala simungatseke chitseko, apongozi akhala pa mpando wabwino uja avula nsapato atambasula miyendo. Filimuyo ndi ya mphindi 137 ndipo inayenda bwino kwambiri, pothamangitsana ndi chilole mu ngalande paja ana kukuwa, apongozi akungoti eya eya apa ndikukumbukira. Tafika kumapeto tsopano, ku fakitale yosungunula zitsulo, chitanka chagubuduzika, loboti loipa lija lachitsulo chamadzimadzi laumiratu ndi kuzizira, laomberedwa laphwanyika tizidutswa, kenako tizidutswa tija tayamba kusungunuka ndi kutentha tikuyenda pansi kukakumana pamodzi. Nyumba yonse zii, ngakhale wotafuna nshawa analeka. Pomwepo chithunzi chinaima.

Choipa kwambiri n'choti palibe anazindikira msanga, tonse tinkayesa ndi mmene filimuyo ilili poti loboti linali litangouma kumene, tinakhala tikuyang'ana chithunzi choima mpaka kamwana kena ka neba kanati amalume yafa. Nkhope ya Arnold inasanduka timabokosi tobiriwira ndi tofiirira, sipika ikungolira trrrr, kenako TV inabwerera yokha pa mndandanda wa mafayilo. Ndatsegulanso, ndathamangitsa ndi limoti, ndafika pamalo omwewo, yaimanso. Ndachotsa fulashi ndaiuzira ndabwezera, chimodzimodzi. Thukuta lili chuchuchu, inivata yayamba kulira kuti batire ikutha, ana ayamba kuseka, amake mwana andiyang'ana diso lija la foni yomwe ndinawakaniza kutchaja. Apongozi sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangovala nsapato zawo pang'onopang'ono n'kunena kuti zikomo akamwini mwayesetsa, filimu imeneyi sinalembedwe kuti ine ndidzaimalize. Abale anga manyazi ake!

M'mawa ndili pa kashopu. Mnyamata uja osachita ndi manyazi omwe, ati TV yanu ndi yakale abosi. Ndati ika pa laputopu yako. Yaima pamalo omwewo iye akuona. Wasintha nyimbo, ati mwaiika vairasi, kenako ati munaizula molakwika ikugwira ntchito, kenako ati ndalama ndaodera kale katundu mubwere Lachisanu. Lachisanu lake mpaka lero. Anthu otere ndi amene akuononga bizinesi ya anzawo, munthu ukudziwa kuti katundu wako ndi wabodza ukumuyang'ana munthu wamkulu m'maso n'kumati orijino, ndalama zake zapita n'zochepa koma ulemu wanga pamaso pa apongozi ndani andibwezere?

Mnzanga wina mphunzitsi amene ali ndi kompyuta ndiye anandimasulira. Anaiyesa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamalemba zinthu mu fulashi yonse kenako n'kuziwerenganso kuti kaone zomwe zasungikadi, ndipo zinatuluka kuti ya 64GB ija mkati mwake ndi 8GB chabe. Opanga zabodzazi amasintha kachipangizo ka mkati kuti kazinamiza kompyuta za kukula kwake. Ndiye ukamaika mafilimu kompyuta imavomera zonse osadandaula, mayina amaoneka onse pa mndandanda, koma malo enieni akatha zotsalazo sizisungika paliponse. Filimu ya apongozi inagwera pamalire penipeni, mutu ndi thupi zinalowa, mchira unatsala panja. Mafilimu ena onse apambuyo pake anali mayina okhaokha, ndipo mwa oyambirira omwe ankatseguka imodzi inali yojambula ndi kamera mu holo, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo wina akutsokomola, ina munthu mmodzi akulankhula Chirasha pamwamba pa mawu onse, amuna ndi akazi omwe.

Manje inu chitani izi. Fulashi ya 64GB yotchipa kuposa ya 16GB ya mushopu ndi yabodza, palibe zokambirana. Poyesa musalole akuonetseni poyambira, gwirani mausi nokha mukokere mpaka chakumapeto, ndipo muyese mafilimu omwe aikidwa pomalizira chifukwa bodza limabisala kumeneko. Muuzeni akuikireni MP4 ya 720p, imakhala 1GB kapena kupitirira pang'ono, pa TV ya mainchi 32 imaoneka bwino zedi. Asakunamizeni ndi za 4K, ma TV ambiri akalewa ndi ma DVD okhala ndi polowetsa fulashi samatsegula mafayilo a H.265, ena amakana ndi MKV yomwe, ena chithunzi chimabwera koma mawu zii chifukwa ndi a DTS. Komanso fulashi ikakhala yofomatidwa pa FAT32, yomwe ma TV akale amawerenga, siilandira fayilo imodzi yopitirira 4GB, ndiye zikuluzikuluzo n'kungovutika nazo. Ma disiki a 10 in 1 aja musayambe n'komwe, DVD wamba imanyamula 4.7GB, mugawe pa mafilimu 10 muone, iliyonse siikwana ndi 500MB yomwe, mafilimu a m'mlengalengawa ambiri ndi amdima ndiye mudzangoona timabokosi tikuomberana.

Koma musandimve molakwika kuti ndikuti muzidaunilodi nokha, aaa bando yake mudzalira, netiweki ikadula pakati mutha kutaya zonse. Anyamata a pamsikawa ndi amene ali ndi mafilimu, ndipo kunena zoona mnyamata yemwe uja, kupatula oipa awiri aja, ndi amene ali ndi makope oyera kuposa onse mtauni muno, ine ndimatumabe mphwanga kwa iye ndi fulashi yanga ya 16GB, nkhope yanga yokha ndi imene sadzaionanso. Ndipo pokoka mpaka kumapeto paja musayang'anitsitse kwambiri, ngati ndi filimu yomwe simunaonepo mudzadziwiratu yemwe wafa ndiye mwaiononga nokha, bola mungoona kuti chithunzi chikuyenda basi.

Za ana zija, osakwana zaka 10 musawaonetse Terminator 2 ngakhale alire bwanji. Pali pomwe loboti lija limabaya bambo wina akumwa mkaka kukhitchini, wanga anakana kutuluka usiku kukataya madzi mpaka tinachita kumuikira chitini m'nyumba.