Kodi mafoni adzasiya kufika ku Kapata?

Achimwene, mwafunsa ngati malamulo a America oletsa kutumiza kunja ma chip (tizipangizo timene timayendetsa mafoni ndi makompyuta) adzasowetsa mafoni amene mumagulitsa ku msika wa Kapata. Mtima m'malo. Amene analetsedwa kupita ku China mu 2022 ndi ma chip amphamvu kwambiri, monga A100 ndi H100 a kampani ya Nvidia, pamodzi ndi makina owapangira. Netherlands nayo siilola kampani yake ya ASML kugulitsa ku China makina a EUV, opangira ma chip apamwamba kwambiri. Mantha awo ndi akuti zinthuzi zingathandize kupanga zida zankhondo. Ma Tecno ndi ma Itel athuwa, ngakhale ndi a kampani ya ku China, ndi katundu wamba, sali m'gululi.

China inabwezera mu 2023, gallium ndi germanium, miyala yofunika popanga ma chip ena, sizitulukanso m'dzikomo popanda chilolezo. Koma kunena zoona, chokukwezerani mitengo inu ndi dola ndi msonkho.