Kwa Tadala, za funso la radar lija

Tadala, ndaliona funso lija la GMAT, mayeso olowera maphunziro apamwamba a zamalonda, lomwe waponya m'gulupu m'mawa. Amayi ndi amalume, pepani, mawuwa atalikapo, mutha kuwadumpha kuti data isakuthereni.

Funsolo likuti pa bwalo lina la ndege anaikapo radar yatsopano, ndipo patatha zaka ziwiri malipoti a ndege zoyandikirana moopsa mumlengalenga anatsika ndi theka. Akuluakulu a bwalolo akuti radar ndiyo yachititsa. Akufunsa kuti pa mayankho asanu aja, ndi liti lomwe, likakhala loona, likulimbikitsa maganizo a akuluakuluwo. Iwe wasankha A, loti radaryo inapangidwa ndi kampani yodziwika ndipo mayiko ambiri akuigwiritsa ntchito. Buku likuti B, loti chiwerengero cha ndege zotera ndi zonyamuka sichinatsike, ndipo kalembedwe ka malipoti sikanasinthe. Ukufunsa kuti B ikhoza bwanji chikhalirecho siikutchula n'komwe radar.

Mng'ono wanga, buku lalondola. Usanayang'ane mayankho, ing'ambe nkhaniyo pawiri. Umboni ndi uti? Malipoti atsika. Conclusion, kapena kuti mfundo yomwe akuluakuluwo afikapo, ndi iti? Radar ndiyo yachititsa. Pakati pa ziwirizi pali dzenje, ndipo yankho lolondola ndi lomwe likukwirira dzenjelo. Dzifunse kuti, kodi malipoti angatsike pa chifukwa china chanji, radar ili pambali?

Choyamba, mwina ndege zachepa. Ukukumbukira 2020, Covid itavuta, pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ku Harare kunali zii kwa miyezi. Chaka ngati chimenecho malipoti atsika basi, radar kaya ilipo kaya palibe, chifukwa ndege zoti n'kuyandikirana kulibe. N'chimodzimodzi kunena kuti ngozi za makombi zachepa pa msewu wa ku Mbare pomwe theka la makombi lili m'magalaja. N'chifukwa chake a za ndege sangowerenga ngozi zokha, amazigawa ndi kuchuluka kwa maulendo. Ukaona funso likukupatsa nambala yokha popanda kunena kuti pa maulendo angati, tchera khutu.

Chachiwiri ndi chomwe ambiri amaphonya. Lipoti si ngozi, lipoti ndi munthu amene walemba. Payiloti kapena woongolera ndege wa mu tawa akadziwa kuti akalemba alangidwa, amangoti phee. Malipoti amatsika koma kumwambako zinthu zili chimodzimodzi. Ku America anachiona chimenechi kalekale, ndipo kuyambira 1976 bungwe la NASA limalandira malipoti otere mwachinsinsi kuti anthu asaope kulankhula. Ndiye nthawi zina malipoti akachuluka ndiye kuti anthu amasuka, osati kuti kwaipa. B yatseka makomo awiri onsewa: ndege sizinachepe, kalembedwe sikanasinthe. Chatsala chomwe chasintha n'chiyani? Radar ija. Waona? Yailimbikitsa osaitchula.

Nanga A yako yalakwa pati? Ikuyamikira chida, koma siikunena kanthu za bwalo limeneli m'zaka ziwiri zimenezi. Chida chabwino chimatha kukhalapo ngozi n'kuchitikabe. Pa 1 July 2002 ndege ziwiri zinawombana kumwamba pa Überlingen ku Germany, anthu 71 anafa, ambiri anali ana. Zonse ziwiri zinali ndi TCAS, makina ochenjeza ndege zikayandikirana. Makinawo anauza ndege ya ku Russia kuti ikwere, ndi ya katundu ya DHL kuti itsike. Koma woongolera wa pansi anauza ya ku Russia kuti itsike, mapayiloti anamvera munthu, zonse ziwiri zinatsika. Pambuyo pake lamulo analiika poyera kuti TCAS ikalamula, payiloti amvere makinawo ngakhale wa pansi anene zina. Choncho pakanakhala yankho loti ogwira ntchito onse anaphunzitsidwa radar yatsopanoyo ndipo akuitsatira, limenelo likanathandizako, chifukwa likulumikiza chida ndi zotsatira. Kutchuka kwa kampani ayi.

D uichenjerere. Ikuti pa bwalo lina lomwe sanaikepo radar malipoti anatsikanso ndi theka. Ikukhudza dzenje lomwelija, inde, koma ikulikumba m'malo molikwirira, chifukwa ikuonetsa kuti pali china chomwe chatsitsa malipoti konsekonse. Ukamathamanga umaitola poti ikuoneka yogwirizana ndi nkhani. Ikanati pa bwalo lopanda radarlo malipoti sanasinthe, ikanakhala yankho lamphamvu zedi. C ya kuti mapayiloti akuikonda, ndi E ya kuti ndi yodula, zimenezo ungozitaya, palibe chokambapo.

Ukatsala ndi awiri ndipo wazunguzika, tembenuza lililonse. Nena kuti kampaniyo si yodziwika: maganizo a akuluakulu aja akadali chiimire. Nena kuti ndege zinachepa ndi theka: agwa pompo. Lomwe ukalitembenuza nyumba ikugwa, ndilo linali mzati. Njirayi imagwira bwino kwambiri pa mafunso a assumption, ofunsa mfundo yosanenedwa yomwe nkhani yatsamirapo, koma ngakhale pa strengthen, mafunso olimbikitsa ngati lakoli, imakuthandiza kusefa.

Zina ziwiri mwachangu. Akati likakhala loona, usalimbane nalo yankho kuti zimenezi sizingachitike, lilandire mmene lilili. Komanso yankho siliyenera kutsimikizira nkhani yonse, longokankhira patsogolo pang'ono likwanira, bola liposa anzake anayi. Za Überlingen ndi NASA ndakuuzira kuti umvetse chabe, m'mayeso usalowe nazo, gwiritsa ntchito zomwe zalembedwa pa sikirini.

Gawo la Verbal, momwe mumapezeka mafunso oterewa, lili ndi mafunso 23 pa mphindi 45, ndiye funso lililonse silikwana ndi mphindi ziwiri. Werenga mzere wa funso kaye kuti udziwe ngati ndi strengthen kapena weaken, lolimbikitsa kapena lofooketsa, kenako nkhani, kenako nena dzenje lija pamtima m'mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiyeno upite ku mayankho. Madzulo ano, magetsi akakhalapo, chita ena asanu ndi wotchi pambali, ndipo pa lililonse ulembe dzenje usanasankhe. Unditumizire ku inbox, tisawatopetse amalume.