Mwafunsa za geni ya kunja, koma palibe amakuuzani za chifuwa cha m'ndende

Achimwene, mwafunsa kuti geni yopikula katundu kunja imayenda bwanji, ndiponso kuti mpamba wake ndi wochuluka motani. Mpamba si nkhani. Ndaonapo anyamata akuyamba ndi zitenje zochepa za ku Kyela n'kumanga nyumba ku Matawale, ena n'kupita ku Joni ndi chikwama chodzaza n'kubwerako ndi ngongole. Njira zonsezi ndazipondaponda, ya Songwe, ya Mwanza kudzera ku Tete ndi Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo mumsika wa Zomba palibe angandiphunzitse mtengo wa katundu. Koma mapepala a msonkho muzionetsetsa ndi maso anu akudindidwa, ngakhale ejenti wokulipirirani msonkhoyo akhale wopemphera naye.

Pepala ndi lomwe linatsala pang'ono kundimaliza. Ulendo umenewo ndinanyamula mabulangete, nsapato ndi ziwiya, ndalama zina za banki m'khonde ya mayi akunyumba, zina za katapila. Ejenti analandira ndalama yonse ya msonkho nandipatsa mapepala a chidindo bwinobwino. Pa rodibuloko ina akuti ndi achinyengo. Bwana wake anandizungulira kawiri kudikira kuti ndilankhule chinenero chake, koma m'thumba munali mutauma. Ejentiyo mpaka lero akuyenda ndi tayi, amene anagona m'chitokosi ndine. Malamulo amati munthu aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo anandipititsadi. Koma belo imafuna ndalama ndi anthu okuyimira, fayilo nayo imasowa pa tsiku lenileni la mlandu. Ndi mmene ndinakalowera ku rimandi, kundende ina.

Mumadziwa shamba inu? Wobwera kumene, wopanda kanthu kopatsa nyapala, mkaidi woyang'anira anzake mu selo, sagona chotambalala. Amakhala pakati pa selo, wina pakati pa miyendo yako, iwe pakati pa miyendo ya wina, usiku wonse. Amatseka chitseko dzuwa likadali m'mwamba, kutsegula ndi m'mawa. Kazenera kali pamwamba, mpweya ndi womwewo umene watuluka m'chifuwa cha mnzako. Kumbuyo kwanga kunali bambo wina wa kunyanja ya Chilwa, mlandu wake wa mbuzi, amene ankatsokomolera pakhosi panga mpaka mbandakucha. Mphere sindiiwerengera n'komwe, aliyense ankakanda. Nsima kamodzi patsiku, ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, ndiye thupi lilimbana bwanji ndi kachilombo ka TB?

Musaganize kuti ndi nkhani yatsopano. Mu 1996 madokotala anayeza akaidi kundende yaikulu ya Zomba, ija anamanga atsamunda mu 1935, napeza kuti pafupifupi asanu mwa 100 aliwonse anali ndi TB. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza, nalamula boma kuchepetsa kuthithikanako ndi theka pa miyezi 18. Funsani amene watuluka posachedwa ngati shamba inatha. Nthawi ya Covid mu 2020 Pulezidenti Chakwera anakhululukira akaidi 499, ndiye kuti akuluakulu amadziwa bwino kuti selo ndi nazale ya matenda. Amangokumbukira mliri ukawaopseza iwowo.

Mlandu wanga unathera m'malere, katundu sindinamuonenso. Ndinabwera kunyumba ndi chifuwa chouma, thukuta la usiku, lamba ndikuboola mabowo atsopano. Pachipata cha ndende palibe anandiyeza. Nyumba zathu mukuzidziwa, chipinda chimodzi ana onse, mazenera otseka kuopa akuba. Pamene makhololo anga amayezedwa kuchipatala n'kuti mwana wanga wamng'ono atayamba kale kutsokomola. Tonse awiri tinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Mankhwalawo ndi aulere, inde, koma wa katapila sadziwa TB, chiwongoladzanja chinkakwera ine ndili pamkeka. Mayi akunyumba anagulitsa firiji.

Chimandipweteka n'chakuti olemera sagona shamba. Amatuluka pa belo tsiku lomwelo. Otsala ndi ife a geni, a kabaza, asodzi, anyamata a m'misika, ndipo a rimandi timalowa n'kutuluka, kenako n'kukakwera minibasi imodzi ndi inu pa Chinamwali. Asilikali a ndende nawonso amapuma mpweya womwewo n'kupita nawo kwa ana awo. Wina amayamba mankhwala mkatimo, akamusamutsa kapena kumumasula popanda kalata yopita nayo kuchipatala cha kwawo amasiyira panjira, ndipo TB yosiyira panjira ndi imene imadzabwera yosamva mankhwala. Wa ma ARV akagwidwa botolo lili kunyumba, masiku oyambirira m'chitokosi amatha osamwa, chifukwa ena amaopa kunena pagulu.

Ndiye ngati mwalimbadi mtima, buku la kuchipatala ndi mankhwala anu zizikhala m'thumba la jekete limodzi ndi pasipoti, osati m'katundu, chifukwa katundu ndi amene amayamba kulandidwa. Ndalama ya belo muzisiya kwa munthu amene sali mu geni. Mukagona kundende ngakhale pang'ono, pitani mukapereke makhololo musanayambe kugona chipinda chimodzi ndi ana, ndipo chifuwa cha masabata awiri musamachipatse mandimu ndi uchi. Komanso dalaivala akakupemphani kuti katoni ya munthu wina ilembedwe m'dzina lanu, kanani ngakhale akuchotsereni mtengo wa mpando.