Kulemba za ku Mzuzu muli ku Johannesburg

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake nkhani zanu za ku Mzuzu zikumveka zozizira, chonsecho ku Johannesburg nakonso simukumva kuti ndi kwanu. Vuto limakhala loti munthu akapukwa kwawo amalemba za kupukwako, malowo n'kuwaiwala. Sankhani kamalo kamodzi, monga msewu wochokera ku Chibavi kulowa m'tauni m'mawa wa July, nkhungu itaphimba, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, akabaza akuliza mabelu. Lembani mawu 300 okha, za munthu mmodzi amene akufuna chinthu chimodzi, kaya ndi ndalama ya fizi.

Pa zokambirana musawongole chilankhulo. Anthu a ku Mzuzu amasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo mukachiyeretsa amamveka ngati owerenga nkhani pa wailesi.

Za Johannesburg musazitaye ayi. Mukwezeni munthu yemweyo takisi pa Noord, malo okwerera maminibasi m'tauni ya Johannesburg, ndalama zikupatsiranidwa mpando ndi mpando mpaka kutsogolo. Chenjeraninso ndi mtima: umasunga Mzuzu wa chaka chimene munachoka. Musanalembe mtengo wa usipa kapena wa minibasi ya ku Luwinga, afunseni abale pa WhatsApp.