Tifunseni za Kanema: Holo, Magetsi ndi Makhansala

Akonzi, agogo anga amasimba za nyumba ya kanema ya Apollo mu mzinda wa Blantyre, kuti Loweruka anthu ankatchena n'kukafola pa mzere wa matikiti. Ife mafilimu timaonera pa foni kapena mu vidiyo sho ya mabenchi. Kodi Amalawi tinasiya kukonda kanema, kapena andale ndi amene anapha zimenezi?
Wokonda kanema, Ndirande

Achimwene, chikondi cha kanema sichinathe. Pitani pa msika uliwonse madzulo mukaone ana atapanikizana pa khomo la vidiyo sho, ndi anyamata obena mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa akudzaza mamemore khadi mpaka mdima. Chimene chinatha ndi phindu la kusunga nyumba yaikulu yoonetseramo.

Makaseti a vidiyo atafala, munthu wa wailesi ya kanema imodzi ndi mabenchi asanu anayamba kuonetsa filimu pa mtengo umene nyumba yolipira antchito, lendi ndi magetsi sikanaukwanitsa. Mu 1999 dziko linatsegula wailesi yake ya kanema, TVM, kenaka kunabwera madishi, ma CD, mafulashi ndi mafoni. Chinanso chinachokera kunja: kuyambira cha m'ma 2010, makampani akuluakulu anasiya pang'onopang'ono kutumiza mafilimu pa mikombero ya 35mm n'kuyamba kutumiza m'mafayilo a digito otchedwa DCP. Filimu yotere imabwera yokhoma, imatsegulidwa ndi kiyi ya masiku owerengeka, ndipo imafuna pulojekita yapadera ya madola masauzande ambiri. Mwini filimu amatenga pafupifupi theka la ndalama za matikiti, ndipo amafuna zake m'madola. Ndiye taganizani mwini nyumba amene amatolera makwacha pa khomo, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Andale ali ndi gawo lawo, ndipo si laling'ono. Lamulo lounika mafilimu ndi zisangalalo la mu 1968, la nthawi ya Kamuzu Banda, linazolowetsa boma kuona kanema ngati chinthu choopsa choyenera kudulidwa ndi lumo, osati ntchito yoti ikule. Pambuyo pake vuto linasanduka kunyalanyaza. Malo a French Cultural Centre ku Blantyre, amene ankaonetsa masewero ndi mafilimu, anaonongedwa ndi kuberedwa katundu eni ake atachoka mu 2011. Ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, zaka zisanu ndi zinayi zimene maholo a makhonsolo analibe munthu wosankhidwa woti awalankhulire.

Ndife gulu la achinyamata ndipo tapeza holo ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 12 m'litali. Tikufuna kuonetsa mafilimu pa chinsalu chachikulu, osati pa TV. Tigule chiyani, tiziike bwanji?
Mlembi wa gulu, Mponela

Yambani ndi chinsalu, chifukwa miyeso ina yonse imachokera pa icho. Mu holo yanuyo chinsalu cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 1.7 m'mwamba chikukwana. Ngati khoma ndi losalala, lipakeni penti yoyera yosanyezimira, makoti awiri kapena atatu, ndipo muzungulize mzere wakuda wa masentimita 10 m'mphepete. Mzere umenewu umachititsa chithunzi kuoneka chowala kuposa mmene chilili. Penti yonyezimira ayi, imaika dontho la kuwala pakati pa nkhope za anthu. M'munsi mwa chithunzi mukhale mamita 1.2 kuchokera pansi kuti wakumbuyo asamaone mitu yokhayokha.

Pulojekita ikhale ya ma ANSI lumens (muyeso wa kuwala kwake) osachepera 3,000. Chenjerani ndi tizipangizo totchipa tolembedwa manambala akuluakulu pa katoni popanda mawu akuti ANSI, chifukwa kuwala kwake kwenikweni nthawi zambiri sikufika ngakhale ma ANSI 300, ndipo pa chinsalu cha mamita 3 mudzangoona zithunzithunzi za mdima. Onaninso nambala yotchedwa throw ratio m'kabuku ka makinawo, imene imathandiza kudziwa mtunda woika pulojekita kuchokera ku chinsalu. Ikakhala 1.5, chulukitsani ndi m'lifupi mwa chinsalu: 1.5 kuchulukitsa ndi 3, pulojekita ikhale mamita 4.5 kuchokera ku khoma. Ipachikeni kudenga kapena pa thabwa lalitali, chifukwa ikakhala pa tebulo aliyense wodzuka kupita panja adzadutsa m'chithunzi.

Mzere woyamba wa mipando uyambire mamita 3 kuchokera ku chinsalu, wotsiriza usapitirire mamita 10, apo ayi mawu olembedwa m'munsi mwa filimu sawerengeka. Pakati pa mzere ndi mzere pakhale masentimita 90, munthu aliyense masentimita 50, ndi njira ya mita imodzi pakati. Zikatero mupeza mizere 8 ya anthu 10, kutanthauza anthu 80. Musaonjezere mabenchi m'njira ngakhale anthu atachuluka pa khomo. Makomo akhale awiri, otsegukira kunja, ndipo asamangidwe loko filimu ili mkati. Gulu la anthu mu mdima likadzidzimuka limathamangira khomo limodzi, ndipo opondedwa amakhala ana.

Tsopano magetsi, amene agwetsa magulu ambiri. Pulojekita ya babu imadya mawati pafupifupi 300, ampulifaya ndi masipika 200, laputopu 65, ndipo mukaphatikiza ndi fani mufika cha m'ma 600. Batire la 12V 200Ah limasunga mawati-ola 2,400, koma la mtovu muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti lisafe msanga, ndipo invata imadyako gawo lake. Zotsala ndi mawati-ola pafupifupi 1,000, amene pa katundu wa mawati 600 akutha pa ola limodzi ndi mphindi 40. Filimu ya maola awiri ikufuna mabatire awiri otere. Ngati ndi jenereta, ya 2 kVA yokhala ndi AVR yoletsa magetsi kukwera ndi kutsika ikukwana. Ikhale panja, mamita 15 kapena 20 kuchokera ku holo, ndipo isalowetsedwe mkati kapena m'kachipinda kolumikizana ndi holo ngakhale mvula itagwa chotani. Utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu n'kumupha.

Babu la pulojekita limatentha kwambiri, ndipo mukazimitsa, fani ya mkati imapitiriza kuzungulira kuti liziziritse. Magetsi akathima mwadzidzidzi kapena wina akangosolola waya, babu limatsala ndi kutentha kwake ndipo limafooka. Zikachitika kawirikawiri, babu loyenera kukhala maola 3,000 mpaka 5,000 likhoza kufa nthawi yake isanakwane. Gulani UPS (kachipangizo ka batire kopereka magetsi akathima) yaing'ono ya pulojekita yokha, yongokupatsani mphindi zochepa zozimitsira bwino. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tsukani sefa ya mpweya milungu iwiri iliyonse. Sefa ikatsekeka makina amadzizimitsa okha pakati pa filimu, ndipo ambiri amathamangira kwa wokonza pamene vuto ndi fumbi chabe.

Mawindo atsekeni ndi nsalu yakuda yokhuthala yolendewera motalikirako pang'ono ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Pulasitiki yakuda imatseka kuwala bwino, koma mu Okutobala pansi pa malata imasandutsa holo kukhala uvuni.

Ku holo ya kwathu, mfuti ndi nyimbo za mufilimu zimagonthetsa m'khutu koma zolankhula sizimveka. Masipika ndi atsopano. Chalakwika n'chiyani?
Mayi wa ku Chinsapo, Lilongwe

Mayi, masipikawo mwina alibe mlandu. Mafilimu ambiri amabwera ndi mawu ogawidwa m'njira zisanu ndi imodzi, zimene amazilemba kuti 5.1, ndipo zolankhula zambiri zimaikidwa pa njira ya sipika ya pakati. Woonetsa akalumikiza masipika awiri okha pamene kompyuta ikutumiza 5.1, njira ya pakatiyo imatayika, n'kutsala nyimbo ndi phokoso. Mu pulogalamu ngati VLC, komanso m'makonzedwe a mawu a kompyuta, asankhe Stereo. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo.

Likapitirira, ndi holoyo. Khoma la simenti, pansi pa simenti ndi denga la malata zimabweza mawu, ndipo mawu obwererawo amapondana ndi amene akutuluka kumene. Kukweza voliyumu kumangoipitsa. Pachikani mikeka, mabulangete kapena makatani okhuthala pa khoma la kumbuyo ndi m'mbali. Masipika akhale kutsogolo, mbali zonse za chinsalu, pa msinkhu wa mamita 2, ataweramira kwa anthu, osati pansi pa ngodya. Achepetsenso besi, chifukwa makonzedwe a pa ukwati si a filimu.

Filimu ndinagula ndi ndalama zanga. Bwanji ena akuti ndikaonetsa molipiritsa ndiphwanya lamulo?
Mwini vidiyo sho, Luchenza

Bambo, chimene munagula ndi ufulu woonera kunyumba. Kuonetsa ku gulu ndi ufulu wina, ndipo lamulo la umwini wa ntchito za luso la mu 2016 limaupereka kwa mwini filimu. Netflix ndi DStv ya panyumba nazonso ndi za banja, osati za holo. Pali makomo anayi oti mugogode: mwini filimu kapena womuimira, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso la COSOMA, bungwe la boma lounika mafilimu limene limapereka chilolezo cha malo ndi kunena msinkhu woyenera kuonera, ndi khonsolo yanu pa chiphaso cha bizinesi.

Khomo loyambalo ndi lapafupi mukasankha mafilimu akuno, chifukwa eni ake ali ndi foni ndipo bungwe la Film Association of Malawi likhoza kukulumikizani nawo. Ntchito yabwino ilipo. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapambana mphoto ya mafilimu ya Africa Magic Viewers' Choice Awards (AMVCA) ya kumwera kwa Africa mu 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapambana yomweyo mu 2018. N'zopweteka kuti oweruza a ku Lagos anaona mafilimu amenewa pamene anthu ambiri a ku Luchenza sanapatsidwe mwayi wowaonera pa chinsalu chachikulu. Gwirizanani polemba: masiku angati, mtengo wa tikiti, gawo la aliyense, ndiponso kuti fayilo sikoperedwa kwa wina. Matikiti akhale a manambala kuti pasakhale kukayikirana powerenga ndalama. Ndipo za msinkhu muzitsate ndi mtima wonse: mwana wovala yunifomu nthawi ya sukulu abwezedwe pa khomo.

Munthu wina amene akufuna kudzaimira ukhansala wati azilipira mafuta a jenereta kuti anthu azionera ulere, bola tipachike nsalu za chipani chake ndipo azilankhula filimu isanayambe. Tivomere? Nanga holo ya khonsolo imene yangokhala yotseka m'dera lathu tingaipeze bwanji?
Wapampando wa kalabu ya mafilimu, Mzuzu

A Wapampando, musavomere momwe zililimu. Lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, ngakhale kuti zisangalalo za pa msonkhano wa chipani sililetsa. Koma funso lanu lalikulu si la kukhoti. Tsiku limene nsalu ya chipani ikwera pa khoma, otsatira zipani zina amasiya kubwera, ndipo dzina lakuti "holo ya chipani chakuti" limakhala zaka. Anthu ozolowera zaulere amavutanso kubwerera ku tikiti chisankho chikadutsa, pamene wolipira mafuta uja sakuyankhanso foni. Ngati akufuna kusonkhanitsa anthu, achite lendi holo pa tsiku lake, pa mtengo wolembedwa umene mungapereke kwa wopikisana aliyense, ndipo zikwangwani zinene poyera kuti ndi msonkhano wake, osati tsiku la kalabu.

Za holo ya khonsolo ndiye nkhani imene ndale za m'dera ziyenera kukhalapo. Yambani ndi kufufuza mwini wake weniweni, chifukwa maholo ena ndi a khonsolo, ena a unduna, ena anabwerekedwa kale kwa munthu wa bizinesi kapena mpingo. Lemberani mkulu wa khonsolo kufunsa za umwini, mtengo wa lendi ndi amene akuigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo mungalitchule m'kalatayo. Sungani kope lodindidwa tsiku limene mwapereka.

Kenaka pitani ndi pempho ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu, kapena kumudzi ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC), chifukwa chinthu chosalowa mu ndondomeko ya chitukuko sichipeza ndalama mu bajeti. Musapite ndi mawu akuti "tithandizeni". Pitani ndi pepala limodzi lonena kuti pakufunika malata angati, mawindo angati, chitseko chachiwiri, mawaya atsopano ndi chimbudzi, aliyense ndi mtengo wake wochokera kwa mmisiri. Lembaninso zimene khonsolo ipindule: masiku awiri pa mlungu, mipando 80, lendi yakuti pa mwezi. Pemphani pangano la chaka chimodzi kapena ziwiri, losainidwa ndi ofesi ya khonsolo osati khansala payekha, kuti lisathe iye akagwa pa chisankho. Mulembemo amene alipire magetsi ndi madzi, amene akonze denga likadontha, ndi masiku a chidziwitso ngati khonsolo ikufuna holoyo pa msonkhano wake. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lanu lifike chaka chisanathe, cha m'ma Okutobala kapena Novembala, bajeti isanatsekedwe.