Kodi n'koyenera kupita ndi banja kukaonera ndege zakale zankhondo ku Duxford?

Mayi wina amene amakhala ku Peterborough, m'dziko la Britain, wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso atatu. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 10 wakhala akuwaumiriza kuti apite ku Duxford kukaonera chionetsero cha ndege zakale zankhondo, ndipo bambo awo, amene abwera kuchokera ku Zomba kudzacheza, nawonso aonetsa chidwi chifukwa atate awo anali msilikali wa King's African Rifles amene anakamenya nkhondo ku Burma. Mayiwa akufuna kudziwa ngati zimene akaone kumeneko zikugwirizana ndi mtengo wa matikiti, ngati ndege zokalamba chonchi sizingagwere anthu, komanso ngati si kulakwa kukaombera m'manja zida zimene zinapha anthu pa nkhondo imene ena amati inali ya azungu okhaokha.

Mayi, ndikuti pitani, ndipo mutenge onse awiri, mdzukulu ndi agogo ake. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mupite mukudziwa chimene mukukayang'ana, chifukwa munthu wosadziwa amangoona tindege tobiriwira tikuzungulira m'mwamba, n'kubwerera kunyumba atatopa, ndalama zitapita.

Duxford ili kumwera kwa mzinda wa Cambridge, m'mbali mwa msewu wa M11, ndipo kwa inu a ku Peterborough si kutali. Bwaloli linamangidwa m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo masiku ano limasamalidwa ndi Imperial War Museum, bungwe losunga zinthu zakale za nkhondo. Ndi pabwalo lomweli pamene gulu la No. 19 Squadron linalandira ndege za Spitfire m'chaka cha 1938, kukhala gulu loyamba m'gulu lankhondo lamumlengalenga la Britain (RAF) kugwiritsa ntchito ndegezi. Choncho Spitfire ikamanyamuka pa udzu wa Duxford, imakhala ikunyamuka pamalo pamene zinzake zinkanyamukira m'chaka cha 1940, pa nkhondo ya mumlengalenga yotchedwa Battle of Britain, imene inamenyedwa kuyambira mu Julayi mpaka mu Okutobala chaka chimenecho. N'chifukwa chake chionetsero chachikulu cha pamalopa chimachitika mu Sepitembala, mwezi umene nkhondoyo inafika pachimake.

Chimene simungachipeze pa YouTube ndi kulira kwa injini. Spitfire zambiri zili ndi injini ya Rolls-Royce Merlin, ya masilinda 12 ndi malita 27, pamene galimoto imene mumapitira kuntchito mwina ili ndi lita imodzi ndi theka. Injini imeneyi ikamadutsa chapansipansi, kulira kwake kumamveka m'chifuwa, ndipo woyendetsa akabweza mphamvu pokonzekera kutera imayamba kuthetheka ndi kuphulikaphulika. Muuzeni mwanayo kuti ayang'anitsitsenso ndegeyo ikamayenda pansi isananyamuke. Popeza tayala lachitatu lili kumchira, mphuno yake yaitali imaloza m'mwamba n'kumutsekera woyendetsa njira, kotero iye amayenda mokhotakhota, kumanzere kenako kumanja, akusuzumira m'mbali kuti aone chimene chili kutsogolo. Sachedwanso pansi, chifukwa radiyeta ya ndegeyo ili kunsi kwa phiko ndipo imadalira mphepo ya paulendo. Ikaima nthawi yaitali injini ikulira, madzi ake amawira. Matayala ake awiri akutsogolo ndi oyandikana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mphepo yochokera cham'mbali imachititsa kuti kutera kukhale ntchito yofuna luso lalikulu.

Anthu ambiri amangodziwa Spitfire, koma ine ndimafuna kuti mwana aphunzire kuisiyanitsa ndi Hurricane. Spitfire, imene inapangidwa ndi R. J. Mitchell n'kuuluka koyamba pa 5 Malichi 1936, ili ndi mapiko opyapyala obulungira kunsonga. Hurricane ya Sydney Camm ili ndi mapiko onenepa ndi msana wa linunda, ndipo thupi lake lakumbuyo ndi lokutidwa ndi nsalu yokokedwa pa timatabwa, moti mukayandikira mumaona mizere ya timatabwato ikuonekera kunsi kwa utoto. Chipolopolo chinkatha kungoboola nsaluyo n'kutulukira kwina, amakaniko n'kuika chigamba, ndege n'kubwerera kunkhondo. M'chaka cha 1940 ndege za Hurricane zinali zambiri kuposa Spitfire, ndipo zinagwetsa ndege zambiri za Germany kuposa mnzake wotchukayo. Mudzamvanso wolengeza akunena za ndege ya "Messerschmitt" yopakidwa utoto wa Germany, koma nthawi zambiri imeneyo imakhala Hispano Buchón, imene inapangidwa ku Spain nkhondo itatha ndipo ili ndi injini ya Merlin yomweyo, n'chifukwa chake kulira kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa ndege imene ikuithamangitsa.

Pa nkhani ya ndalama, matikiti ndi odula ndithu, mapaundi makumi angapo pa munthu wamkulu, ndipo amagulidwiratu pa intaneti. Koma taganizirani chimene chimafunika kuti ndege ya zaka zoposa 80 iuluke. Spitfire zinapangidwa zoposa 20,000, koma zimene zikuuluka lero padziko lonse sizifika 100, ndipo zina mwa izo zinachita kumangidwanso pafupifupi zonse kuchokera ku zidutswa zimene zinafukulidwa m'minda ndi m'mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Ndege zoponya mabomba za Lancaster zinapangidwa 7,377, koma zotha kuuluka zatsala ziwiri zokha: imodzi ili ku RAF Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire, m'manja mwa gulu la Battle of Britain Memorial Flight, ndipo inayo ili ku Hamilton m'dziko la Canada. Ndege ya ku America yoponya mabomba ya B-17 yotchedwa Sally B, imene imakhala pa Duxford pomwepo, ndi yokhayo ya mtundu wake imene ikuulukabe ku Ulaya. Ndege zimenezi sizidzauluka mpaka kalekale. Ndege yomaliza ya Vulcan, jeti yoponya mabomba ya Britain, inasiya kuuluka mu Okutobala 2015 pamene makampani amene ankaithandiza pa zaukatswiri anasiya kutero, ndipo amene anazengereza kukaiona ili m'mwamba mwayi wawo unapitiratu.

Funso la ngozi sindilipeputsa, chifukwa ngozi zimachitika. Pa 22 Ogasiti 2015, ndege yakale ya jeti ya Hawker Hunter inalephera kumaliza kuzungulira kwake pa chionetsero cha ku Shoreham, n'kugwera pa msewu wa A27, ndipo anthu 11 anafa. Mu Novembala 2022, ku Dallas m'dziko la America, B-17 inawombana ndi ndege ya P-63 m'mwamba, anthu 6 amene anali m'ndegezo n'kufa. Mu Meyi 2024 Spitfire ya gulu la ku Coningsby lija inagwa pafupi ndi bwalo lake, ndipo woyendetsa wake, Squadron Leader Mark Long, anamwalira. Amene amaika moyo pachiswe kwambiri pa masewerawa ndi oyendetsa ndegewo.

Kwa oonera, malamulo a ku Britain anasintha kwambiri kuchokera pa ngozi ya ku Farnborough ya 1952, pamene ndege inasweka m'mwamba, zidutswa zake n'kugwera pa khamu la anthu. Masiku ano ndege yochita chionetsero siloledwa kuuluka pamwamba pa oonera. Imatsata mzere wake umene uli mamita oposa 100 kuchokera pa mpanda wotchinga oonera, ndipo ndege ikakhala yaliwiro kwambiri mtundawo umawonjezeka. Woyendetsa aliyense amayenera kukhala ndi chilolezo chapadera cha bungwe la Civil Aviation Authority, ndipo pamakhala mkulu woyang'anira amene ali ndi mphamvu yolamula pa wailesi kuti chionetsero chiime nthawi yomweyo. Malamulowa anakhwimitsidwanso itachitika ngozi ya ku Shoreham. Dziwani kuti anthu onse amene anafa ku Shoreham anali kunja kwa bwalo la chionetsero. Choncho munthu akakuuzani kuti mupulumutse ndalama poimika galimoto m'mbali mwa msewu kapena pamunda woyandikana ndi bwalo, mukaneni, chifukwa malo amenewo nthawi zambiri amakhala kunsi kwenikweni kwa njira imene ndege zimakhotera.

Funso lanu lachitatu ndilo lolemera, ndipo sindikufuna kukuchotserani kusakhazikika mtima kumene muli nako, chifukwa n'koyenera. Lancaster ikamadutsa, injini zake zinayi zikulira pamodzi, khamu lonse limaimirira, ndipo ine ndimaimirira nawo. Koma ndege za mtundu womwewo n'zimene zinatentha mzinda wa Hamburg mu Julayi 1943 ndi wa Dresden mu Febuluwale 1945, kumene amayi ndi ana zikwizikwi anafera m'zipinda zapansi. Anyamata 7 amene ankakwera m'ndege iliyonse nawonso ankafa mochuluka: a gulu la RAF loponya mabomba la Bomber Command anafa 55,573, ambiri a iwo a zaka za m'ma 20. Olengeza pa zionetserozi amakonda kunena za anyamatawo, koma za anthu amene anali pansi amangodutsapo mwachangu, ndipo pamenepa m'pamene inu monga kholo muyenera kuwonjezera mawu anu. Mwana wa zaka 10 angathe kumva zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti makinawa ndi okongola, ndiponso kuti ntchito imene anawapangira inali yoopsa.

Koma zoti inali nkhondo ya azungu okhaokha, bambo anu akudziwa kuti si zoona. M'chaka cha 1944, gulu lalikulu la asilikali la 11th East African Division, momwe munali magulu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland pamodzi ndi gulu la Northern Rhodesia Regiment la anthu a dziko limene lero ndi Zambia, linatumizidwa kuti lidutse m'chigwa cha Kabaw ku Burma likupirikitsa asilikali a Japan. Anayenda m'nyengo ya mvula yosalekeza, m'chigwa chodziwika ndi malungo ndi matenda ena oopsa, misewu itasanduka matope oti galimoto sizikanadutsa, mpaka anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkawafikira kuchokera m'mwamba, ndipo ndege imene inkagwira ntchito imeneyi ku Burma inali makamaka Dakota. Inkabwera chapansi pamwamba pa malo olambulidwa m'nkhalango, chitseko chake chachikulu cham'mbali chili pululu, amuna ali m'katimo akukankhira katundu kunja. Zinthu zosachedwa kusweka zinkatsika ndi palachuti, pamene matumba a mpunga ankangoponyedwa osamangirira kanthu.

Ndiye ngati pali ndege imene banja lanu lingaitchule kuti ndi yanu pa chionetserocho, ndi Dakota, osati Spitfire. Ilibe mfuti, siithamanga, ndipo ikamabwera anthu ambiri amapita kukagula tiyi. Inu musachoke. Ngati mungapeze malo pafupi ndi pamene yaimikidwa, dikirani kuti aiyatse: pulopela imayamba kuzungulira mwaulesi, injini imatsokomola kangapo, kenako utsi woyera wa oyilo amene anadikha m'masilinda apansi umatuluka wambiri, kulira n'kukhazikika kukhala kwansi, kogunda. Kulira kumeneko n'kumene agogo anu ankatchera khutu ali m'nkhalango ya ku Burma, chifukwa kunkatanthauza kuti tsikulo adya. Ndege za mtunduwu, zimene dzina lake lina ndi C-47, zinapangidwa zoposa 10,000 kuchokera pa ndege yonyamula anthu ya DC-3 ya 1935, ndipo gulu la ku Coningsby lili nayo imodzi. Aloleni bambo anu afotokozere mdzukulu wawo zimene anamva kwa atate awo, ndipo muwakumbutse za chipilala cha King's African Rifles chimene chili ku Zomba, chifukwa sindiyembekezera kuti wolengeza adzatchula dzina la Nyasaland. Ndimaona kuti ndi kusalungama kuti mbiri ya asilikali a ku Africa imamveka pang'ono chonchi pa misonkhano imene cholinga chake ndi kukumbukira.

Mukamva ndege yaphokoso losokosa m'makutu, yokhala ndi mipando iwiri, imeneyo ndi Harvard, ndipo phokosolo limabwera chifukwa nsonga za pulopela yake zimafika pa liwiro la mawu. Inali yophunzitsira, ndipo oyendetsa ndege ambiri a nkhondo imeneyo anaphunzirira pa iyo ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, pa mabwalo a kufupi ndi Salisbury (Harare ya lero), Bulawayo ndi Gwelo (Gweru ya lero).

Ngati bambo anu sangapirire khamu lalikulu ndi kuyenda mtunda wautali kuchokera koimika galimoto, ganizirani za Old Warden m'chigawo cha Bedfordshire, kumene kuli malo osungirako ndege zakale a Shuttleworth Collection. Bwalo lake ndi laling'ono, la udzu, ndipo ndege zimadutsa pafupi moti mutu wa woyendetsa umaoneka. Kumeneko kuli ndege za nkhondo yoyamba ya padziko lonse monga Sopwith Pup ndi Bristol Fighter. Injini ya Pup imazungulira yonse pamodzi ndi pulopela, ndipo imagwiritsa ntchito mafuta a nsatsi, amene fungo lake limafika mpaka pa mpanda. Kulinso Blériot ya 1909, ndege yakale kwambiri padziko lonse imene ikuulukabe, koma imeneyi amaitulutsa madzulo mphepo ikaleka, ndipo masiku ena situluka n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati ndalama zikulola ulendo umodzi wokha, sankhani Duxford ya mu Sepitembala, chifukwa chionetsero chimenecho chimakonda kutha ndi Spitfire ndi Hurricane zambiri zikuuluka pamodzi, ndipo tikiti yomweyo imakulowetsani m'nyumba zosungiramo ndege m'mawa kuuluka kusanayambe. Nyamukani m'mamawa chifukwa magalimoto amathithikana pa M11, ndipo mutenge mpando wopinda wa bambo, majekete a mvula, madzi, chakudya chanu ndi zotchinga m'makutu za mwana. Musanagule matikiti yang'anani mndandanda wa ndege zimene zikuyembekezeka kuti muone ngati Dakota ilipo, ndipo muuyang'anenso kutatsala masiku ochepa, chifukwa mphepo yamphamvu kapena vuto laling'ono la injini limatha kuchotsa ndege pa mndandanda m'mawa wa tsiku lomwelo. Ikapanda kupezeka, ku Coningsby kuli malo olandirira alendo kumene amayendetsa anthu m'nyumba yosungiramo ndege za gululo pa masiku a m'kati mwa sabata, ndipo mukhoza kuwaimbira kaye kufunsa ngati Dakota yawo ilipo tsiku limene mukufuna kupita.